Vinyo wa Masuku ndi Nsomba Youma

Lachitatu m'mawa a Chibesa, mkulu wa fakitale yathu, anandiitanira mu ofesi mwawo n'kundipatsa pepala. Pa tebulo pawo panali botolo loyamba la vinyo wa masuku, lopanda cholembedwa chilichonse, litaima pafupi ndi kambendera ka chipani.

"Ba Febby, bosindikiza bafuna mawu pa Mande," anatero. "Kumbuyo kwa botolo tilembe mwamene imvekela mukamwa, na vakudya vamene iyenda navo. Nayambako kale. Belengani."

Ndinawerenga. A Chibesa anali atalemba kuti vinyo wathu amayenda bwino ndi tchizi cha ku Ulaya, nyama ya thole, ndi nsomba za m'nyanja ya mchere. Unali mwezi wa Febuluwale, chaka cha 1979. M'mawa womwewo ndinali nditalambalala mzera wa anthu odikira sopo, umene unayambira mu Cairo Road, msewu waukulu wa m'tauni, n'kukakhotera kuseri kwa masitolo. Nyanja ya mchere yapafupi inali kuseri kwa dziko la eni.

"Zakudya zimenezi anthu azipeza kuti?" ndinafunsa.

"Lebulo sibadya, ba Febby, babelenga chabe." Anaseka okha, kenako anakankhira botolo lija kwa ine. "Koma imwe muli na ba Miti pa nyumba. Baja bamudala banatumikila magavanala. Bapaseni balawe, bakambe, ise tilembe."

Atate anga, a Amock Miti, anagwira ntchito ya weta woperekera vinyo pa hotela ina yaikulu m'tauni kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Anayamba m'nthawi ya atsamunda, ndipo anapuma pamene vinyo wakunja anasiya kubwera, chipinda chapansi chosungiramo mabotolo chitatsala ndi mashelefu okhaokha. Ine ndinakulira m'mawu a ntchito yawoyo. Ndisanadziwe kuwerenga ndinali nditadziwa kuti vinyo woyera wowawasa amafuna nsomba, woyera wotsekemera amadikira zipatso, ndipo wofiira sapita m'madzi oundana. Lamlungu tikabwera ku tchalitchi, ankandikhazika pa mpando m'nyumba yathu ya ku Kabwata, n'kuthira madzi a pa mpopi m'kapu, pang'ono pokha, muyeso wa chala chimodzi. Kenako ankaima chilili, kansalu koyera kali pa mkono, kudikira kuti ndilawe. Ndikagwedeza mutu kuvomera, ankadzaza kapu. Ndikakana, ankapepesa mwaulemu n'kukatunga ena pa mpopi womwewo.

Ndinakaphunzira kemisitiri ku yunivesite chifukwa cha masewera amenewo, ngakhale pa fomu ndinalemba kuti ndikufuna kutumikira dziko. Nditamaliza ndinalowa pa fakitale yaing'onoyi, ndipo kwa zaka ziwiri ndinalimbana ndi masuku ochokera kwathu ku Katete, obwera pa lole m'matumba, theka lake ataphwanyika kale. Migolo inayi inasanduka viniga. Wachisanu unatuluka vinyo.

Pa zaka ziwirizo Atate sanandifunsepo kanthu za ntchito yanga. Ndikayamba kufotokoza ankati, "Chabwino, amama," n'kutsegula wailesi. Amayi anali atamwalira ndili chaka chachiwiri pa yunivesite, choncho panalibe wondimasulira kuti chete wa Atate akutanthauza chiyani. Ndinamasulira ndekha: munthu amene wagwira mabotolo a ku Falansa sangataye lilime lake pa masuku. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, kuti alawe vinyo wanga n'kugwedeza mutu. Ndipo nthawi inali kutha. Kuyambira mu Novembala anali ndi chotupa kummero. Adokotala anandiuzira pa khonde la chipatala kuti njira ya chakudya idzapitirira kuchepa mpaka kutsekeka. Pofika mu Febuluwale ankangomwa phala lamadzimadzi, losefa.

Lachinayi madzulo ndinaika botolo lija pa tebulo. Atate anasamba m'manja kaye. Analinyamula ndi manja awiri, n'kuliyang'ana pa kuwala kwa pa zenera.

"Mtundu wa udzu wa mu Ogasiti," anatero. "Wayera bwino, alibe matope pansi."

Anazula chitsekero popanda phokoso, n'kuchifikitsa pa mphuno, maso atatsinzina.

"Masuku a pansi pa dengu, aja ophwanyika pang'ono. Uchi uli kutali, kumbuyo."

Ndinathira m'tambula muyeso wa chala chimodzi n'kuwakankhira. Anagwira tambula ija ndi kuseri kwa dzanja.

"Sanazizire. Woyera salawidwa wofunda."

Tinalibe firiji. Lachisanu ndinakasiya botolo kwa bana Mpundu, mayi wa ku Luapula wa nyumba yoyandikana nafe, amene anali ndi firiji ndipo pa msika wa Kabwata ankagulitsa nsomba zouma ndi chikanda, chakudya cha mizu ya m'tchire yophikidwa ndi mtedza wosinja. Linabwera likutuluka thukuta, likununkhako pang'ono nsomba kunja kwake. Atate analipukuta, n'kuyang'ana tambula.

"Iyi ndi yomwera madzi. Dzanja limatenthetsa vinyo. Pafunika ya mwendo."

Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi kupita ku Woodlands, kwa a Chibesa. Akazi awo anandibwereka matambula awiri a mwendo umodzi, atandionetsa kaye kabati yonse ndi kundiuza kumene chilichonse chinagulidwa. Ndinawakulunga m'chitenje, ndipo njira yonse ndinawafungatira pachifuwa ngati khanda, chigongono cha munthu wina chili m'nthiti mwanga. Ndinafika masana, n'kukatenga botolo m'firiji ya bana Mpundu. Ndinathira. Atate anayang'ana tambula, anayang'ana khoma.

"Ndangomwa kumene mankhwala. Asokoneza lilime."

"Mankhwala mumamwa m'mawa, Atate."

"Lero ndachedwa."

Ndinakhala pansi. Sindinakweze mawu, chifukwa m'nyumba za ku Kabwata khoma ndi lopyapyala.

"Ngati ndi wonyozeka, ingonenani. Ndikudziwa kuti si wa mphesa. Ndikudziwa kuti munatumikira anthu akuluakulu, ndipo ine ndapanga chakumwa cha zipatso za m'tchire. Koma ndilibe china. Ichi ndicho ndapanga."

Anasisita m'mphepete mwa tebulo ndi chala chachikulu. Kunja wina ankachapa, madzi akugwera m'beseni.

"Febby, ine vinyo sindinamulawepo."

"Uyu, inde. Ndicho ndikunena."

"Wina aliyense. Ngakhale dontho."

Ndinaganiza kuti matenda afika kumutu. Iwo anaona zimenezo pa nkhope panga, ndipo anamwetulira pang'ono.

"Pamene ndinkayamba, lamulo silinkalola munthu wakuda kumwa vinyo wa azungu. Ukapezeka ndi fungo lake mkamwa, ntchito yatha, mwinanso ukagona ku polisi. Mzungu amene ankatiyang'anira anandipatsa khadi, lolembedwa mbali zonse ziwiri. Uyu ndi nsomba, uyu ndi nkhuku, uyu unene kuti ndi wouma, uyu unene kuti amakhalitsa pa lilime. Ndinaloweza ngati katekisima. Lamulo litasintha ndinali kale mkulu wa mpingo, ndipo amako anali atandilumbiritsa kuti sindidzamwa. Kenako zaka zinachuluka. Alendo ankati, funsani Miti, ndiye adziwa. Anduna athu omwe, titalandira ufulu, ankandifunsa monong'ona kuti asachite manyazi pamaso pa alendo awo. Ukanakhala iwe ukanawauza chiyani?"

"Nanga pa Mgonero?"

"Aja a ku tchalitchi kwathu ndi madzi a zipatso. Akazi a abusa ndiwo amasungunula."

Ndinaseka, ndipo kusekako kunandipweteka pachifuwa.

"Utayamba ntchito yako," anapitiriza, "ndinadziwa kuti tsiku lina udzabwera ndi botolo. Wina aliyense ndikanamunamiza. Mawu ndili nawo ambiri. Koma iwe uli ndi mapepala a ku yunivesite, ndipo unamupanga ndi manja ako. Ndinkaopa kuti ndidzati wouma pamene ali wonyowa."

Anatambasula dzanja n'kugwira tambula ija pa mwendo, monga momwe ankandiphunzitsira.

"Amako andikhululukire. Ndikawafotokozera ndekha posachedwa."

Anapendeketsa tambula, ananunkhiza, n'kumwa pang'ono. Anasunga vinyoyo mkamwa, akumuyendetsa uku ndi uku. Ndinaona khosi lawo likuyesa kumeza kawiri, osatheka. Ndinawabweretsera beseni, ndipo analavula. Akatswiri olawa vinyo amalavulanso chimodzimodzi, koma sindinanene.

"Bwanji?" ndinafunsa.

"Wozizira."

"Basi?"

"Kuyambira pa Khirisimasi chilichonse chimamveka ngati madzi ogona m'chitini. Phala, tiyi, uyunso. Ndinkaganiza kuti mwina iyeyu adutsa." Anapukuta pakamwa. "Ndachedwa naye, amama."

Ndinatenga beseni kukataya kunja, ndipo ndinakhalitsa pa mpopi kuposa mmene kutsuka beseni kumafunira. Nditabwerera ndinawapeza atakhala mowongoka.

"Koma usaganize kuti zaka zonsezo ndinkangobwereza khadi," anatero. "Khadi linkanama nthawi zina. Ine ndinali ndi njira yanga. Mlendo ukamufunsa amati zonse zili bwino, makamaka ngati walipira zambiri. Ndiye sindinkafunsa. Ndinkayang'ana tambula pochotsa mbale. Ikabwera yopanda kanthu, vinyo ndi chakudya zagwirizana. Ikabwera ndi theka, zakangana. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, matambula angati amenewo? Mawa tikabwera ku tchalitchi udzakhale pa mpando. Uwauze bana Mpundu atithandize ndi zakudya, zimene anthu amadyadi."

Lamlungu sanathe kupita ku tchalitchi, koma nditabwerako ndinawapeza atavala jekete loyera la ku hotela. Linali litawakulira kwambiri, mapewa ake akulendewera, ndipo anali atalimanga ndi pini kumbuyo. Pa tebulo anayala nsalu ya Amayi ya pa Khirisimasi. Bana Mpundu analowa ndi timbale tisanu pa thireyi, anawayang'ana Atate kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuomba m'manja kamodzi.

"Ba Miti, lelo mwaoneka monga ba bwinga. Mukwatila ndani?"

"Tili ndi mlendo wolemekezeka, mayi. Khomo la antchito lili kumbuyo."

"Nchito yamene iyi, na malipilo kulibe," anatero bana Mpundu akutuluka. Pa khomo anandiyang'ana, ndipo nkhope yawo sinali kusekanso.

Atate anandikokera mpando. Anathira muyeso wa chala chimodzi, n'kuima ndi kansalu koyera pa mkono. Ndinalawa. Vinyo ameneyu ndinali nditamuyeza kambirimbiri ndi zipangizo, ndinkadziwa shuga wake ndi mphamvu yake mpaka pa kadontho, koma ndinali ndisanakhalepo naye pansi. Amayamba motsekemera, ngati suku lakupsa bwino ukangoliboola ndi mano. Kutsekemerako sikukhalitsa. Pambuyo pake pamabwera kuwawasa kopepuka m'mbali mwa lilime, ndipo pomaliza mkamwa mumauma pang'ono, monga zimachitikira ukatafunako khungu la suku. Ndinagwedeza mutu. Anathira mpaka pakati.

"Usandiuze kanthu," anatero. "Idya, imwa monga wafunira. Pa mbale iliyonse ndikuthirira watsopano."

Anaima kumbuyo kwanga, chakumanja, pamene mlendo saona woperekera.

Choyamba chinali mtedza wokazinga wothira mchere. Mcherewo unachititsa vinyo kutsekemera mopitirira, ngati tiyi wa mwana. Ndinamwa kawiri n'kusiya. Atate anatsanulira wotsalayo m'jagi, anatsuka tambula, n'kuthira wina. Chinangwa chowotcha sichinachite kanthu, chinangodutsana ndi vinyo ngati anthu osadziwana. Chibwabwa chotendera chinam'meza yense, anatsala madzi.

Kenako chikanda. Bana Mpundu anali atadula tizidutswa titatu topyapyala, tothira tsabola. Nditaluma n'kumwera, ndinasiya kutafuna. Tsabola anayamba kuyaka, vinyo anamuzimitsa, ndipo pamalo pamene panali moto panatuluka fungo la masuku lonse, loposa la m'botolo. Kuwawasa kuja kunatsuka mafuta a mtedza wa m'chikanda, mkamwa n'kutsala mofuna china. Ndinadziwa kuti ndapeza. Ndipo chifukwa chinali chokoma, ndinayamba kumwa pang'onopang'ono, timadontho, kuti chisathe msanga. Chikanda chinatha vinyo akadali wambiri. Dzanja la Atate linabwera n'kuchotsa tambula. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene.

"Mlendo salankhula ndi weta akugwira ntchito," anatero.

Chomaliza chinali nsomba youma ya ku Luapula, yowotcha pa makala. Utsi ndi mchere wake zinamupha vinyo nthawi yomweyo. Kunatsala kukoma kwa chitsulo, ngati wanyambita supuni yakale. Ndinali pafupi kukankha tambula pamene ndinamva Atate akutsokomola kumbuyo kwanga, motsekereza. Sindinatembenuke. Patsogolo panga panali kabati ya Amayi, ndipo m'galasi lake ndinawaona atapotolokera kukhoma, kansalu koyera kali pakamwa. Atakachotsa, panali pofiira, pakukulu ngati chikhatho cha mwana. Anakayang'ana mosadabwa. Anakapinda kawiri mwaluso, pofiira n'kulowa m'kati, n'kukabwezera pa mkono mbali yoyera ili kunja, monga ankachitira botolo likadontha pamaso pa alendo. Kenako anawongola jekete n'kuimanso chilili.

Nkhope yanga inayamba kugwedezeka. Panalibe pobisala pena, choncho ndinanyamula tambula n'kuiika kumaso, ndipo ndinamwa osapumira mpaka inatha.

Dzanja lawo linabwera. Ananyamula tambula ija, anaiyang'ana pa kuwala kwa pa zenera, n'kuitembenuza. Sipanagwe dontho.

"Nsomba youma," anatero. "Lemba. Khadi lija linanena zoona apa, woyera amafuna nsomba. Koma mzungu uja sankadziwa ya ku Luapula."

Mawu awo anali osasa, koma munali chimwemwe chimene ndinali ndisanachimve kuyambira pa maliro a Amayi. Anakhala pansi pa mpando wina, zimene weta sachita.

"Ndiye ndi wabwino, Atate?"

"Tambula yabwera yopanda kanthu. Ine sindinadziwepo zoposa pamenepo." Anagwedeza mutu, kamodzi, pang'onopang'ono. "Wapanga vinyo, amama."

Ndinatenga pensulo n'kulemba.

Lolemba a Chibesa anawerenga pepala langa kawiri. Pa mtundu wa udzu wa mu Ogasiti ndi masuku a pansi pa dengu sanatsutse. Anaima pa mzere womaliza.

"Nsomba youma? Pa botolo ya vinyo? Ba Febby, bantu bazatiseka."

"Ndi mawu a Atate."

Anaganiza pang'ono, akugogoda tebulo ndi cholembera, maso ali pa kambendera kaja. "Koma iyi ni kudzidalila. Vinyo yathu, nsomba yathu. Ba nduna bazaikonda maningi." Anasaina.

Osindikiza analibe inki. Itapezeka inki, analibe mapepala. Atate anamwalira mu Epulo, Lachiwiri m'mawa, ndipo tinawaika ndi suti yawo ya ku tchalitchi. Jekete loyera ndinalichapa n'kulipachika m'kabati, pini ili pomwepo. Kansalu kaja sindinakapeze. Malebulo anafika mu Juni.

Phwando lotsegulira linachitikira ku Kabulonga, kunyumba kwa wapampando wa bodi yathu, Loweruka masana. Panali kapinga wothiriridwa, agalu awiri omangidwa, ndi magalimoto mpaka ku msewu. Wolemekezeka wina analankhula za kudzidalira kwa mphindi makumi anayi, vinyo akufunda pa dzuwa. Kenako operekera anatuluka ndi mathireyi, ndipo pa thireyi iliyonse panali tizidutswa ta nsomba youma tobayidwa pa timitengo. Anthu amene kwawo nsomba youma imadyedwa ndi antchito kukhitchini anaitola ndi zala ziwiri, analuma, anamwera, n'kutembenuza botolo kuti awerenge.

Mayi wina wovala wigi yaitali anandigwira pa mkono. "Ndimwe munapanga? Zoona, viyendelana. Namvela pamene apa." Analoza pakhosi pake.

Ndinathokoza. Kenako ndinapita kukaima pafupi ndi khomo la kukhitchini, pamene mathireyi ankabwererapo. Matambula ankadutsa asanu ndi limodzi, asanu ndi atatu, ndipo pafupifupi onse anali ndi theka. Ya mayi wa wigi ndinaizindikira ndi utoto wa milomo. Inali yodzaza kuposa onse.

Chikanda panalibe. Panalibe amene anaganiza zochiitanitsa, popeza sichinalembedwe.

A Chibesa anandipeza pamenepo, nkhope ikuwala. Anati oda yoyamba yalowa kale kuchokera ku mahotela awiri, ndipo osindikiza akufunsa ngati pali chosintha asanapange malebulo ena, poti mapepala alipo tsopano ndipo sadziwa kuti adzapezekanso liti.

"Muganize bwino, ba Febby. Iyi yizankala zaka. Pali vosintha?"

Thireyi ina inadutsa pakati pathu, matambula akugundana, vinyo akugwedezeka m'kati.

"Palibe," ndinatero. "Asindikize momwemo."